Chilolezo cha Chipinda Chimodzi

Tsiku limene a khonsolo anabwera kudzagumula chipinda chake, mayi wosoka makatani sanalire. Anangoima pakhonde, sizasi ili m'manja, n'kumaonerera amuna a maovolosi akumenya khoma ndi nyundo zikuluzikulu. Khomalo linali litafika kale pamwamba pa mazenera, ndipo njerwa iliyonse inali itatuluka m'singano yake.

Anthu a mumsewumo anaunjikana pampanda ngati kwabwera zisudzo. Wina, pomutonza za chitseko chagalasi chimene ankafuna kuikapo, anafuula kuti, "Magalasi aja ndi amenewa!" Enawo anafa nacho chikhakhali.

M'nyumba, mwamuna wake anali gone pabedi, akumva nyundo iliyonse.

Inu amene mukuwerenga mutatopa ndi makomo okutsekerani, mwina mukuti chipinda chimodzi si nkhani. Tamvani kaye.

Mwamunayo anali mmisiri womanga nyumba. Anamangira anthu nyumba zambiri, zina zosanja, mpaka tsiku lina thabwa limene anapondapo pamwamba linathyoka. Anagwa chagada, ndipo anatuluka m'chipatala miyendo itafa. Mwini nyumba imene ankamangayo anadzamuona kamodzi, basi osaonekanso.

Nyumba yawo inali yofanana ndi zina zonse za mumsewumo: zipinda ziwiri, makomo opapatiza, bafa ndi chimbudzi zili panja, pokwera masitepe. Njinga ya olumala imene anapatsidwa kuchipatala sinkadutsa pakhomo la kuchipinda. Akafuna kusamba, mkazi wake ankagwira kumapewa, mwana wawo wamkazi kumiyendo, n'kukamukhazika pampando kuseri kwa nyumba atatchinga ndi katani yakale. Mphepo ikawomba, katani inkauluka. Bamboyo ankangotsinzina.

Ntchito ya mayiyu inkamulowetsa m'nyumba za anthu olemera kukayeza mazenera. Kumeneko anaona zipinda zopanda sitepe, zitseko zagalasi zongokankhira pambali, bafa lili momwemo. Anaganiza zomangira mwamuna wake chipinda chotero pambali pa nyumba, choti azidziyendetsa yekha, azionanso dzuwa.

Sanafunse aliyense. Anati malo ndi awo, njerwa ndi zawo, chilolezo n'chachiyani? Apa ndi pamene analakwitsa, ndipo analipira.

Amene anakamunenera sanali mlendo. Anali alamu ake, mkulu wake wa mwamuna wake, wokhala nyumba yoyandikana nayo. Mpata umene mayiyu anakumbapo maziko ndi umene alamuwo ankaimikapo lole yawo, ngakhale kuti malowo sanali awo.

Ogumula aja atachoka, mwamunayo anaitana mkazi wake.

"Mayi a mwana, nditumizeni kumudzi. Ndakutopetsani."

"Kumudzi akakunyamulani ndani?" anayankha mayiyo akusasa fumbi m'tsitsi. "Simupita kulikonse, abambo. Akuti chilolezo? Ndikachitenga chilolezocho."

Mwamunayo anatembenuzira nkhope kukhoma. Kuyambira pamenepo anasiya kuyankhula, kupatula popempha madzi.

Ku ofesi ya khonsolo kunali benchi lalitali ndi kawindo kakang'ono. Mayiyu atafika pakawindopo, kalaliki anamufunsa za pulani. Anatulutsa chipepala chimene ankadulirapo makatani, pamene anajambula chipindacho ndi choko. Kalalikiyo anaitana mnzake kuti adzaone.

"Mayi, muno si mwa telala. Kapezeni wojambula mapulani wovomerezeka."

Mayiyu anapinda chipepala chake n'kutuluka. Ali m'njira anakumbukira mayi wina wachitsikana wojambula mapulani amene anamusokerapo makatani. Anapita ku ofesi yake n'kumufotokozera zonse. Anagwirizana kuti wina ajambule, wina asoke makatani a ofesi yonseyo.

"Koma sindikukulonjezani kuti avomera," anachenjeza wojambulayo.

Sanavomeredi. Patapita miyezi yankho linabwera, zifukwa zili mbwee. Khoma layandikira malire. Madzi a padenga azigwera kwa oyandikana nawo, ndipo iwo adandaula. Komanso chitseko chachikulu chagalasi sichikugwirizana ndi maonekedwe a msewu.

Mayiyu anayang'ana msewu wawo, maenje okhaokha, malata ofiira ndi dzimbiri. "Maonekedwe ake ati?" anafunsa mwana wake. "Kapena tigule magalasi a dzimbiri?" Anaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa.

Anameza manyazi n'kupita kwa alamu ake. Anawapeza ali pansi pa lole, akumanga nati ndi sipanala.

"Alamu, wagona uko ndi mng'ono wanu. Chotsani dandaulo lija, chonde."

Alamuwo sanatuluke n'komwe. "Nanga lole ndiisenze pamutu? Malo onsewa anali a bambo athu. Inu munangokwatiwapo, mlamu."

Mayiyu anabwerera kukhonsolo kukachita apilo. Kumeneko anamuuza kuti fayilo yake sikuoneka. Mlungu wotsatira sikuoneka. Mwezi wotsatira sikuonekabe. Kalaliki uja anatsitsa mawu.

"Fayilo ilibe miyendo, mayi. Imafuna woikankha."

Mayiyu anamva tanthauzo lake. Anamuyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Kunyumba ndili naye kale wopanda miyendo woti ndizimukankha. Iyi muikankhe ndinu, ndi ntchito yanu."

M'mawa mwake anabwera ndi chikwama cha makatani, n'kukhala pabenchi paja akupinda m'mphepete ndi singano yapamanja. Mkucha chimodzimodzi. Akamufunsa chimene akudikira, ankayankha mokweza kuti aliyense amve: "Fayilo yanga inasowa muno." Alonda anamupatsa dzina loti a Magalasi. Makasitomala ena anatopa ndi kuchedwa kwa makatani awo, n'kupita kwa osoka ena. Kunyumba, mwana wake ankajomba kusukulu kuti azikhala ndi bambo ake.

Tsiku lina bwana wa ofesiyo, atatopa ndi kulambalala nsalu pakhomo pake, anafunsa kuti mayi ameneyu akufuna chiyani. Fayilo inapezeka tsiku lomwelo. Pachikuto pake panali chizindikiro chozungulira cha kapu ya tiyi.

Tsopano panafunika kukonza pulani. Wojambula uja anabwera kunyumba, n'kuyala pepala lake pabedi, pafupi ndi miyendo ya bambo amene anali chiyang'anire kukhoma. Anayamba kufotokozera mayiyo za vuto la madzi a padenga.

"Denga lisapendekere kwa akulu anga," anatero mawu ochokera kukhoma. "Lipendekere kuno kwathu."

"Ndimaganizanso choncho, bambo," anayankha wojambulayo. "Koma ndiye ngalande idutsa pati, poti pakhomo sipafunika sitepe?"

Bamboyo anatukula mutu. Kenako anati, "Tanditembenuzani. Pensulo ili kuti?"

Anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Bamboyo ankafuna zenera lalikulu mbali ya kumalire, wojambulayo anakana kuti malamulo salola kusuzumira pakhomo pa ena. Bamboyo anakalipa, kenako anagonja. Mkazi wake anali kukhitchini, akumva mawu amene anawasowa nyengo yonseyo, misozi ikugwera m'madzi otsukira mbale.

Komiti yoona za zomangamanga inalemba kuti ibwera kudzaona malowo isanagamule. Mayiyu anaganiza zongowaonetsa panja, mwamuna wake asaonedwe. Koma bamboyo anakana.

"Manyazi anandithera kuseri kwa katani ija. Alowe, aone."

A komitiyo anabwera ndi galimoto ya khonsolo, atavala masuti, atanyamula tepi yoyezera. Alamu aja anafikanso, ataima pafupi ndi lole yawo manja ali m'thumba. Atatha kuyeza malire, wapampando wa komiti anafunsa funso limene mayiyu analimva kambirimbiri.

"Koma mayi, nyumba wamba ngati iyi, chitseko chonsechi n'chachiyani? Bwanji osamanga kachipinda ngati anzanu?"

"Bwana, mwini nyumba ali m'katimu. Akufuna akupatseni moni panja pano. Njinga yake ndi iyi, tandithandizani kumutulutsa."

Wapampandoyo anagwira njinga n'kulowa. Pakhomo la kuchipinda, mateyala anagunda mafelemu mbali zonse. Anaipendeketsa, inakana. Anaibweza, anayesanso, inakana. Bambo wa pabedi uja ankangomuyang'ana.

"Musavutike, bwana," anatero. "Timachita chonchi."

Mayi anagwira kumapewa, mwana kumiyendo. Anadutsa naye pakati pa masuti aja, mutu ukulendewera, malaya atakwinyikira m'khwapa, mpaka kumukhazika panjinga panja. Mayi mmodzi wa m'komitiyo anayang'ana pansi.

Bamboyo atapezako mpweya, anayang'ana mkulu wake.

"Akulu, lole yanu ili ndi pogona pabwino. Ine mng'ono wanu ndimasambira pabwalo."

Alamuwo anatembenuka. Anakwera lole yawo, kuiliza, n'kuchoka. Dandaulo lawo sanalichotse.

Chilolezo chinatuluka patapita milungu ingapo, chili ndi chidindo chofiira ndi malamulo ake. Khoma libwerere m'kati kuchoka kumalire. Zenera la mbali imeneyo likhale laling'ono, lam'mwamba. Chipinda chinachepa kuposa chimene mayiyu ankalota. Koma chitseko chagalasi anachilola, bafa lam'kati analilola, sitepe panalibe.

Kalaliki uja popereka pepalalo anamwetulira. "Mwaona, a Magalasi? Tinakuthandizani."

Mayiyu analandira ndi manja awiri, n'kutuluka.

Kumanga kunayenda pang'onopang'ono, chifukwa njerwa zoyamba zija zinali zitasanduka zibuma. Mwa amisiri onse amene bamboyo anagwira nawo ntchito, anabwera awiri okha. Iye ankakhala panjinga pansi pa ambulera, akuwakalipira ngati kale: "Mzere umenewo wakhota! Gumulani!" Khoma linakwera, denga linapendekera kwawo, galasi linalowa m'malo mwake.

Tsiku lolowa, mkazi ndi mwana anamunyamula komaliza. Atamukhazika panjinga, anayendetsa yekha mateyala, kudutsa pachitseko chagalasi osagunda paliponse, kuzungulira bedi, mpaka kubafa. Mkazi wake anamutsatira atanyamula thaulo, mwachizolowezi. Bamboyo analandira thaulolo.

"Mayi a mwana, dikirani panja."

Anatseka chitseko. Mayiyu anakhala pansi, msana atatsamira khoma, akumva madzi akutsika. Apa ndi pamene analira, kulira kwa zaka zonse zija.

Musaganize kuti zonse zinakhala bwino. Miyendo ya bamboyo sinadzuke. Mwana wawo anabwereza kalasi, anzake n'kumusiya. Alamu aja amaimika lole kumsewu, ndipo mpaka lero sapereka moni. Palibe anapepesa, ngakhale mmodzi mwa oseka aja. Ena mwa iwo tsopano amagogoda kudzafunsa kuti pulani amayambira pati, ndipo mayiyu amawauza, ngakhale mtima umamuwawa. Bamboyo amawerengera anthu zipangizo zomangira ali patebulo pafupi ndi galasi lake, ndipo amisiri achinyamata amabwera kudzamufunsa nzeru.

Dziko silinawachitire chifundo anthu amenewa, ndipo mwina inunso silikuchitirani. Akugumulirani, akusekani, wachibale wanu yemwe akutchingirani njira. Ngati munalakwitsa poyamba, vomerani, konzani, mubwererenso. Akakutsekerani kawindo, khalani pabenchi pomwepo ndi ntchito yanu m'manja mpaka atope ndi nkhope yanu. Mtima uwawe momwe ungawawire, koma musautaye. Mawa m'mawa, dzukani mukagogodenso.