Kachotupa ka m'fupa la msana

Mtsikana wa m'nyumba imene ndinkagwira ntchito ku Al Nahda, m'dziko la Aarabu, ndinamupeza akungoyamba kumene sukulu. Ndinamulera mpaka anandipitirira msinkhu, ndipo ankanditchula kuti anti. Atatha msinkhu anayamba kudandaula msana. Usiku ululu unkakula, koma akamwa mankhwala opha ululu unkangoti zii. Mayi ake, amene anali madamu anga, ankati vuto ndi chikwama cha mabuku.

Tsiku lina ndikumupesa tsitsi ndinaona kuti phewa limodzi lakwera.

"Taima bwino iwe," ndinatero.

"Ndaima bwinotu, anti."

Tinapita naye ku chipatala, koma ekisire sinaonetse chotupa chilichonse. Kenako tinapita kwa dokotala wa mafupa. Atamva za ululu wa usiku ndi mankhwala aja, anamutumiza kukajambulidwa sikani. Zithunzi zitatuluka anatitembenuzira kompyuta, n'kuloza kadontho pa fupa limodzi la msana, kochepa ngati njere ya nandolo.

"Ndi chotupa cha fupa, koma si khansa," anatero dokotalayo. "Minofu ikukungika chifukwa cha ululu, n'chifukwa chake wapendekeka. Tikachichotsa awongoka."

Madamu anayamba kulira. Ine ndinaiwala kuti ndili m'dziko la eni. Ndinaimba nthungululu m'chipinda momwemo, mpaka nesi anasuzumira pakhomo kuti aone chachitika n'chiyani. Mwanayo anaseka atagwira msana.

Sanamung'ambe n'komwe. Dokotala anati chotupacho chinali patali pang'ono ndi mitsempha, choncho anamugoneka tulo, analowetsa singano yaitali akuyang'ana pa sikani, n'kuchiwotcha. Ine ndi madamu tinadikira panja, iwo akupemphera m'Chiarabu, ine m'Chichewa, titagwirana manja koyamba chiyambire ntchito.

Mwanayo atatsitsimuka anandikodola.

"Anti, khalas, zatha! Ululu uja wapita. Kukungowawa pamene anabaya."

Ndinatuluka ndikuvina m'khonde, ndipo mnyamata wina wa ku Mangochi amene ankakolopa pansi anandifunsa ngati ndawina lotale.

Mwanayo atachira, Lamulungu lina anandikakamiza kuti tipite ku Al Rigga kukadya shawarma, nyama yowotcha yokulunga mu buledi. Potuluka pa siteshoni ya sitima anakana masitepe oyenda okha. Anathamanga pa masitepe wamba mpaka pamwamba, natembenuka.

"Yalla, anti, fulumirani!"

Ndinakwera ndikupuma wefuwefu, mawondo akulira, koma kuseka kokha sindinasiye.