Chitedze m'jekete la amalume

Kusukulu andiimitsapo kawiri, koyamba chifukwa cha chule m'desiki ya aphunzitsi a masamu, kachiwiri sindinena. Koma ntchito imene ndimainyadira ndinaigwira pa holide ya Giredi 10, amalume atabwera ku Katete kudzajambula.

Amalumewa ndi mlongo wawo wamng'ono wa amayi. Anayamba ndi kujambula maukwati, pano amapanga masewero oseketsa a pa TV ndi maadiveti ku Lusaka. Amayenda ndi bambo wina wogwira kamera, amene timangowatcha ankolo, ndipo amakhala nawo nyumba imodzi. Awiriwa ndi okondana. Pakhomo pathu tonse tinkadziwa, koma tinkangoti "anzawo akuntchito", poti kuno nkhani yotere imatha kukafika kupolisi.

Ulendo uwu inali adiveti ya sopo wosambira: bambo afika kuchokera kuntchito, mayi amulandira, onse asekerera. Kuti akhale mayiyo, amayi anapeza anesi ena okongola a kukiliniki. Mnyamata woti akhale bambo amayi anamuuza mwakachetechete kuti kujambula kwalephereka. Muone kumene ndinatengera ine.

"Bambo ukhale iweyo," amayi anauza amalume pamaso pa anthu. "Dziko lonse likuoneni limodzi, amiseche atseke pakamwa. Lamlungu tikaone makolo a anesiwa."

"Achemwali, ine ndimayima kuseri kwa kamera."

"Lero uyima kutsogolo. Wachepa pati?"

Amalume amalamula anthu makumi pantchito, koma achemwali awo sawakanira. Anangoti chabwino. Ndinayang'ana ankolo: anali kupukuta galasi la kamera loyera kale, kupukuta, kupukutabe.

Ndinathamangira kudambo. Chitedze ndimachidziwa ngati mnzanga. Ndinapala ubweya wake ndi kamtengo, n'kukathira m'kolala ya jekete limene bambo wa mu adiveti ankayenera kuvala.

Ankolo atati "Tiyeni!", amalume analowa pakhomo ndi chikwama, mwaulemu ndithu. Anesi anatambasula manja. Amalume anagwedeza phewa. Kenako lina. Kenako chikwama uko, jekete uko, msana pa mtengo wa mango, kukhula ngati ng'ombe.

"Mayo ine! Ndi mphere zimenezi?" anesi anakuwa, akubwerera chammbuyo.

"Siyani kujambula!" anatero amayi.

"Usasiye!" amalume anakuwa uku akudzikanda. "Jambula, iwe! Bweretsani sopoyo pafupi!"

Ankolo ankaseka mpaka kamera kunjenjemera, koma sanasiye. Eni sopo anaikonda adivetiyo kuposa ya bambo ndi mayi osekerera, ndipo inaoneka pa TV mmene inalilimo. Mu minibasi za ku Chipata makondakitala ankatsanzira kavinidwe ka phewa kaja. Anesi anatumiza mawu akuti Lamlungu ali pantchito, Lamlungu linalo chimodzimodzi.

Amayi sanavutike kufufuza, zala zanga zinali zitatupa. Anandithyolera kamtengo ka mpichesi, ndipo ndinalira mokweza kuti asangalale. Amalume, khosi lili phulusa lokhalokha, anandiitanira kuseri kwa galimoto.

"Mphwanga, ukanatha kungobisa jekete."

"Mukanabwereka lina."

Anaganiza pang'ono. "Koma chochuluka chonchija?"

Ankolo anandigulira chipisi ndi soseji ziwiri, n'kukhala pambali panga mpaka nditamaliza. M'mawa mwake ananyamuka awiriwiri kubwerera ku Lusaka, ankolo akuyendetsa, amalume akudzikandabe m'khosi.