Nyengo ya Mvula Imene Amayi Anali ku Nakonde

Anandilanda mlongo wanga Bupe ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, m'nyengo ya mvula, kwathu ku komboni ya George. Sanabedwe ndi anthu achilendo ayi. Anamutenga ndi abale athu enieni, dzuwa likuswa mtengo, atamusambitsa ndi kumudzoza mafuta.

Ndikakumbukira nyengo imeneyo, chimene chimayamba kundifikira ndi fungo la salaula. Amayi ankagulitsa zovala zakale pamsika, ndipo nyumba yathu ya zipinda ziwiri inkanunkha mabelo, fungo la mankhwala losakanikirana ndi chinyezi. Chaka chimenecho mvula inali yosaleka. Madzi ankalowera pansi pa chitseko, makala ankakana kuyaka pa mbaula, ndipo njira zonse zinasanduka phala la matope lonunkha zimbudzi zosefukira. Amayi anadwala masiku ochepa chabe n'kumwalira kuchipatala. Bambo anali atatithawa kalekale.

Bupe anali ndi zaka zisanu. Masiku a maliro anakamusiya kwa mayi wina wa mumpingo ku Matero, choncho sanaone bokosi, sanamvenso kulira. Titabwerako kumanda, mchimwene wa amayi, amene tinkawaitana kuti ba Yama, anandikokera kuseri kwa nyumba. Mkulu wa amayi, ba Anti Mwaba a ku Kitwe, anaima pambali atapinda manja.

"Bupe ni mwana, sangakwanise," anatero ba Yama. "Akakufunsa, uzikamba kuti ba Mami bayenda ku Nakonde kukaoda katundu. Wamvera?"

Ndinavomera. Palibe amene anandifunsa ngati ineyo ndingakwanitse.

Bupe sankafunsa ba Yama, amene anasamukira m'nyumba mwathu, chifukwa ankawaopa. Ankafunsa ine. Madzulo aliwonse ndikaweruka kusukulu ankandikoka dzanja mpaka pamene pamaima maminibasi. Tinkaima pansi pa khonde la kantemba, kasitolo kakang'ono ka m'mbali mwa msewu, madzi akudontha kuchokera pa malata, makondakitala akukuwa ndi kumenya zitseko. Iye sankayang'ana nkhope za anthu otsika. Ankayang'ana mapazi, kufunafuna nsapato za pulasitiki zobiriwira zimene amayi ankavala kukagwa mvula. Nsapatozo zinali m'thumba pamwamba pa kabati, ndipo amene anazibisa kumeneko ndine.

Bodza limodzi silinakwane. Ndinamuuza kuti basi yawonongeka. Kenako ndinati mlatho wakokoloka. Kenako ndinati katundu wagwidwa pamalire. Ndinafika poti ndinkapeka nkhani ya mawa ndili m'kalasi, aphunzitsi akulemba masamu pa bolodi.

Tsiku lina tili pamzere wotunga madzi pa kiyosiki, mnyamata wina wa m'kalasi mwathu dzina lake Giveni anamva Bupe akuuza anzake kuti amayi amubweretsera diresi. Anaseka n'kunena kuti, "Diresi yochoka kumanda?" Ndinamumenya ndi chigubu pakamwa mpaka dzino linagwera m'matope. Kenako ndinagwada pamaso pa Bupe, manja anga ali magazi, n'kumulumbirira kuti Giveni ndi wabodza.

Nkhaniyo inafika kusukulu. M'malo mondichotsa, aphunzitsi aakulu ananditumiza kwa mlangizi wa ana, ba Sakala, amene ankabwera Lachitatu lililonse. Ofesi yawo inali kontena yachitsulo kuseri kwa makalasi. Dzuwa likawala munkatentha ngati mu uvuni, mvula ikagwa simunkamvana. Iwo anali bambo wamfupi, wobwera pa njinga atalowetsa miyendo ya thalauza m'masokosi. Ndinkayembekezera chikwapu kapena pemphero lalitali. Iwo anatulutsa bolodi la dirafuti ndi zitsekerero za mabotolo.

Tinasewera milungu ingapo. Sankandilekerera kuti ndipambane, ndipo ndinkawatukwana chamumtima. Akandifunsa za kunyumba ndinkayankha kuti kuli bwino. Lachitatu lina, mvula itangokata, anakankhira bolodi pambali.

"Chanda," anatero, "namvera kuti ba mami bako banamwalira. Pepa, mwana wanga."

Kuyambira tsiku la maliro palibe munthu amene ananenapo mawu amenewo ine ndikumva. M'nyumba mwathu anali oletsedwa. Ndinalira ngati mbuzi yomangidwa, mamina ali chuchuchu, ndipo iwo anandidikira. Nditatonthola ndinawauza zonse: za Nakonde, za mlatho, za nsapato.

Ba Sakala anati katundu ameneyo sanali woyenera kusenzedwa ndi mwana. Anati Bupe ayenera kuuzidwa zoona, mofatsa, pali anthu amene amawadalira. Anandipempha chilolezo choti aitane akuluakulu a kwathu, ndipo ndinalola chifukwa anandilonjeza kuti ine ndidzakhalapo, nditamunyamula pamiyendo. Tinakonzera limodzi mawu oti ndidzanene. Ndinkawabwereza m'njira popita kukatunga madzi: amayi anadwala kwambiri, anamwalira, sabweranso, koma ine ndilipo.

Ba Yama ndi ba Anti Mwaba anabwera atavala za kutchalitchi. Anakhala pa benchi m'kontenamo, thukuta likuyenderera, n'kumamvetsera mwaulemu wonse. Ba Sakala anafotokoza kuti mwana amene akudikira tsiku ndi tsiku akuvutika kale, ndipo akadzamva kwa anthu a m'njira adzasiya kukhulupirira a m'nyumba.

"Mwana wa zaka faifi aziba chani pa va imfa?" anafunsa ba Anti. "Mufuna atidwalire?"

"Aziba kuti ba mami bake kulibe," anayankha ba Sakala. "Chamene saziba ni chifukwa chake."

Ba Yama anagwedeza mutu, nati, "Tamvera, ba Sakala. Zikomo ngako. Tizakambisana ku nyumba." Anagwirana chanza ndi manja awiri. Ine ndinatuluka mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba chimwalirire amayi.

Kunyumba sitinakambirane chilichonse. Ba Yama anangonena kuti ndawavula pamaso pa mlendo, ndipo mwana wotulutsa za m'nyumba sasungidwa pafupi ndi m'bale wake. Loweruka anandituma kumsika kukagula makala. Pobwera ndinapeza chitseko chili pululu, pansi pali madzi a sopo amene anamusambitsira. Mayi woyandikana nafe anandiuza kuti Bupe wanyamuka ndi ba Anti akudumphadumpha, chifukwa amuuza kuti akupita kukachingamira amayi. Ndinataya thumba la makala n'kuthamangira kokwerera mabasi, matope akundithira mpaka kumsana. Ndinangopeza utsi ndi makondakitala.

Lachitatu lotsatira sindinapite kukontena, ndipo kusukulu sindinabwererenso. Ba Sakala anabwera kudzandifuna kunyumba, njinga yawo ili matope okhaokha. Ndinabisala m'chimbudzi mpaka anatopa. Anabweranso tsiku lina, ndipo ndinawagenda.

Bupe anamva zoona patapita miyezi, kuchokera kwa mwana wa ba Anti, akulimbirana mbale. Lero ndi mtsikana wamkulu, ali ku sekondale ku Kitwe. Ine ndimaumba mabuloko kwa anthu omanga nyumba ku Kabanana. Ndikamuimbira foni amayankha mwaulemu ngati akulankhula ndi wogulitsa m'sitolo. Kamodzi kokha anandiuza za mumtima mwake. Anati ba Yama ndi ba Anti sawakumbukira akumunamiza. Amakumbukira ine, nditagwada pa kiyosiki, ndikulumbira.

Ndili mwana ndinkati amene anandiwonongera zonse ndi ba Sakala, chifukwa ndikanatseka pakamwa Bupe sakanachoka. Tsopano ndikudziwa kuti m'nyengo yonseyo munthu wamkulu amene sananame anali iwo okha, ndipo ndi amene ndinawagenda. Kudziwa zimenezi sikunandibwezere kanthu. Ba Yama akadali m'nyumba ya amayi, ndipo tikakumana pamaliro amandifunsa chifukwa chake sindipita kukawaona. Sukulu sangandibwezere, zaka zija sangandibwezere, ndipo sindikuwapempha. Ngongole yawo kwa ine ndi mawu atatu okha, oti akanene pamaso pa Bupe ine ndili pomwepo: "Ndife tinamutuma Chanda." Mpaka lero sanalipire.