Ana Olembedwa M'nyumba Ziwiri

Ndinanyamuka ku Zingwangwa Loweruka cha m'ma 7 koloko m'mawa, zaka zitatu chiyambire matipate, mapepala a m'kompyuta ali m'jumbo. Kwa milungu iwiri modelo yathu ya ku ofesi, masamu a m'kompyuta oyezera kakulidwe ka ana, inkandikana. Inkayenera kuwerengera mwana aliyense m'nyumba yake, nyumba iliyonse m'dera lake, koma kompyuta inkangozungulira ngati nkhuku yosowa poikira dzira, kenako n'kulemba kuti yalephera kukhazikika pa yankho. Msinkhu wa ana ndinausintha kuchoka m'masiku kupita m'miyezi, ndinawonjezera maulendo oyesera, zina ndinachotsamo, koma ayi ndithu. Potsiriza ndinapeza ana asanu ndi awiri, aliyense atalembedwa m'nyumba ziwiri. Abwana anati Mayi Nasimango, amene ankatiyezera ana pa sikelo, amangodzaza mafomu ali khale pansi pa mtengo wa mango, ndipo Lolemba achotsedwa ntchito. Ine mtima unakana, n'chifukwa chake ndinaganiza zokawafunsa ndekha ku Bangwe.

Minibasi ya ku Limbe inali makwacha atatu, anayianayi pa mpando. Pa Kudya tinaima nthawi yaitali kudikira munthu mmodzi yekha, ndipo kondakitala anasuzumira m'jumbo mwanga.

"Achimwene, ndi zotsatira za mavoti zimenezo?"

"Ayi, ndi ana."

"Ana onsewo? Ndiye mulipire mipando iwiri."

Ku Limbe ndinagula chimanga chootcha cha kwacha imodzi, n'kukwera minibasi ina imene chitseko chake chinali chomanga ndi chingwe. Pokwera chitunda inkatsokomola moti agogo ena anayamba kuipempherera. Ndinatsika pa msika wa Bangwe 9 koloko itakwana, ndipo mayi wogulitsa tomato anandilondolera: "Amayi a sikelo aja? Tsetserekani mpaka pa mpopi, mukaona pabwalo podzaza ana ndi pomwepo."

Ndinawapeza akuchapa. Anandiyalira mkeka, kundipatsa thobwa, kenako anavala mandala n'kuyamba kutsatira mayina ndi chala chonyowa. Za Lolemba zija ndinachita nazo manyazi, sindinazitchule.

"Uyu Tiyamike ndinayamba kumuyeza ku Ndirande," anatero. "Mayi ake atamwalira anamutenga mayi ake aang'ono a konkuno. Ana atatu awa nkhani yake ndi yomweyo. Amapasawa ali kwa amalume awo kuseri kwa tchalitchi."

"Nanga bwanji simunawapatse manambala atsopano, mayi?"

"Mwana ndi yemweyo, mwana wanga, yasintha ndi nyumba. Ndinkawatsatira pandekha Lamlungu, ndione ngati akudya."

"Mwanena asanu ndi mmodzi. Winayu?"

"Ndi uyo wagona pa chitenjeyo. Analibe womutenga."

Ndinayang'ana kumbali chifukwa misozi inali italengeza, ndipo iwo anachita ngati sanaone, n'kundiwonjezera thobwa.

Ndinabwerera masana, dzuwa likuswa mtengo. Lolemba ndinalawirira ku ofesi, ndinakonza modelo kuti mwana azitha kukhala wa nyumba ziwiri, ndipo inakhazikika madzi a tiyi asanawire. Abwana anamvetsera nkhani yonse, kalata yochotsera Mayi Nasimango n'kuing'amba okha.

Milungu iwiri yonse ndinkatukwana kompyuta, chonsecho wabodza ndinali ine. Ndinaiuza kuti mwana aliyense ali ndi nyumba imodzi, pamene zaka zimenezo maliro sankatha m'makomo mwathu.