Mayi Amene Anapukuta Mwezi

Pa nyumba ya kafukufuku wa zakuthambo aliyense ankawatchula kuti Mayi Chikolopa. Kwa zaka makumi awiri ankafika anthu onse asanafike, kukolopa makonde atatu ndi kupukuta matebulo a m'labotale. Ana awo anayi anakulira pa ndowa yawo yokolopera.

Chaka china dziko loyandikana ndi lawo, limene ankalimbana nalo pa nkhani ya malire, linawabwereka dothi lochepa limene chombo chake chinakatapa ku mwezi. Kazembe wa dzikolo anabwera nalo yekha, nati anthu ounika dothi limodzi salozana mfuti. Kunali nduna, atolankhani ndi kuwomba m'manja. Mayi Chikolopa anauzidwa kuti akhale kuseri mpaka alendo atapita, poti yunifolomu yawo inali yakutha. Motero za dothilo sanamve, ndipo palibe anaganiza zowauza.

Lachinayi m'mawa pulofesa anathira dothi pang'ono pa kagalasi, foni n'kulira, iye n'kutuluka osavundikira. Mayiwo polowa anaona kagalasi kali mbuu ndi fumbi. Anapukusa mutu, nanyowetsa nsanza, napukuta mpaka kanawala.

"Amayi inu, mwatani apa?" anakuwa pulofesa atabwerera.

"Ndayeretsa, bwana. Panali fumbi lochititsa manyazi."

"Fumbi? Mwapukuta mwezi!"

"Pepani, bwana. Koma mweziwo ukanakhala wanga, ndikanauvundikira."

Mlonda wa pageti atamva anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Achemwali, anzathu ku mwezi amapita pa chombo, inu mwangofikako ndi nsanza!" Koma ataona nkhope yawo, analeka kuseka.

Nsanzayo anaitola ndi zopanira, naitsekera m'bokosi lagalasi. Akatswiri a mayiko onse awiri anatha milungu itatu ali mutu pamodzi, akuzula dothilo mu ulusi kanthu kamodzikamodzi, kenaka analengeza kuti ngoziyo yalimbitsa ubale. Kazembe anangofunsa mwaulemu ngati wolakwa anapezeka. Wolakwa anayenera kupezeka, ndipo pulofesa anali ndi madigiri atatu.

Mayi Chikolopa kalata anawapatsira pageti, osaloledwa n'kulowa komwe. Kunyumba, poti maso anali atayamba kufooka, anapatsa mwana wawo wamkazi kuti awawerengere. Mwanayo anafika pa mawu akuti achotsedwa ntchito chifukwa cha kusasamala, naima.

"Bwereza pamenepo, mwanawe."

"Akuti kusasamala, amayi."

Anakhala pansi pang'onopang'ono, nayang'ana zikhatho zawo zosuwa ndi sopo.

"Akanangoti ukalamba," anatero. "Kusasamala? Ine?"