Liwu limodzi la Chitumbuka linandisiya wamasiye

Inu owerenga, ine mwamuna wanga ndinamumana ndiwo mpaka kumuika m'manda, ndipo ndinkachita zimenezi ndi chikondi chonse.

Kwathu ndi ku Kasungu. Ndinakwatiwa kufupi ndi Edingeni azungu atangokhazikitsa boma ku Mzimba. Amuna anga, aNyirenda, anali a mtengatenga, onyamula katundu wa bomalo pamutu. Chitumbuka ndinkachimva mwapatalipatali, koma ndinali wamanyazi ndi wonyada, wosafuna kuti azilamu azinditcha mlendo.

Chaka china aNyirenda anayamba ludzu losatha. Ankaonda chonsecho akudya, ndipo pomwe ataya madzi pankaunjikana nyerere. Tinapita ku chipatala cha mishoni. Dokotala wachizungu anati ndi nthenda ya shuga, nalankhula zambiri, koma womasulira anangondiuza mwachidule kuti, "Baleke kurya vyakunowa."

Kunowa! Liwu limeneli ndinkalimva anthu akamayamikira ndiwo. Sindinadziwe kuti limatanthauzanso kutsekemera. Ndinangothokoza kuti yewo, n'kubwerera kumudzi ndi lamulo langa: chilichonse chokoma asachilawe.

Ndinawaletsa nyama, mazira, nyemba, ngakhale nkhwani wotendera. Ndinkawapatsa nsima ya ufa woyera ndi madzi amchere basi. Ndikaona akufooka ndinkawonjezera nsimayo. Apongozi akabweretsa chambiko, mkaka wosasa uja, m'chipanda, ndinkapatsa ana kuseri. Tsiku lina aNyirenda anandigwira dzanja n'kunena kuti, "NyaBanda, ndapota, kamphangwe kachoko waka." Ankapempha timasamba chabe. Ndinakana, ndikudziona ngati mkazi wolimba mtima.

Pofika nthawi yokolola, khungu la m'khosi ndi kuseri kwa manja linada n'kuyamba kusupuka. M'kamwa munadzaza zilonda, m'mimba munkangotseguka. Munthu amene ankakwera mapiri ndi katundu ankati mapazi sakuwamva. Kenaka anayamba kunditchula dzina la mlongo wawo amene anamwalira kalekale.

Tinawanyamula pamachira kubwerera kuchipatala. Ulendo uno tinapeza mthandizi wa dokotala wochokera kwathu, wolankhula Chichewa. Anandifunsa zomwe amadya, ndipo ndinafotokoza zonse monyadira. Atamva anati, "Mayi, anakuletsani zotsekemera: uchi, nzimbe, thobwa. Nsima ndiyo munayenera kuchepetsa. Ndiwo zija ndizo zikadawagwira thupi."

Ndinakhala pansi pomwepo. Nditadzuka ndinathamangira kumudzi woyandikira kukapempha chambiko. Ndinawathira pang'ono pamilomo, koma zilonda zija sizinalole kuti ameze. Chinayenderera m'tsaya, ndinawapukuta ndi nsalu yanga. Anamwalira tsiku lotsatira.

Mwina shugayo ikanawatengabe, poti mankhwala ake kunalibe masiku amenewo. Koma sakanapita akupempha masamba kwa mkazi wawo. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Adzukulu anga ophunzira akuti m'ndiwo muli mavitamini. Ine dzinalo sindilidziwa bwino, koma kusowa kwake ndinakuona ndi maso. Ngati mukudwazika munthu wa shuga, musamusandutse mkaidi. Masamba, nyemba, mazira, mpatseni monga achipatala akuuzirani. Ndipo liwu likakudutsani, funsaninso, ngakhale akusekeni. Amati safunsa anadya phula, koma langa phula anadya ndi aNyirenda.

Nkhwani ndimalimabe kuseri kwa nyumba. Ndikatendera, mbale yoyamba ndimapatsa aliyense wodutsa, chifukwa amene anandipempha uja sindinamupatse.