Kamphira kapinki m'kamotoka ka Taonga

Muli bwanji nonse? Ine mtima suli m'malo.

Mukudziwa kamotoka kaja ka tumabuloko topanikiza kamene mwana wanga wamwamuna Taonga amamanga. Kanali na vuto: ukakaika livasi kuti kabwerere m'mbuyo, mota imalira koma mawilo amachedwa kugwira, chifukwa mano a magiya anali na mpata.

Dzulo atate ake anakatenga, ati mnzawo wa kuntchito ku Lusaka, ba Phiri, amadziwa za magiya. Lero abwera nako kali bwinobwino. Ukangosintha, kabwerera pomwepo, kopanda gwedegwede.

Taonga wakatsegula kuti aone. Okonzawo aika magiya awiri pamodzi, nkuwamanga na kamphira kuti kaziwakoka, mano azigwirana zolimba. Nzeru ni yabwino, sinikana. Koma kamphirako ni kapinki, kaja komangira tsitsi, ndipo kakolekera tsitsi limodzi lalitali, lofiirira, la wigi.

Ine nimameta, mukudziwa. M'nyumba muno mulibe mwana wamkazi. Ba Phiri ninawaonapo ku Chalimbana, mutu uli mbee, dazi mpaka kunkhongo.

Nawafunsa atate ake Taonga kuti, “Kamphira aka kachoka kuti?” Akuti, “Anatola pansi mu ofesi, iwe.” Poyankha sananiyang'ane, maso ali pa foni.

Taonga wanipempha kuti nisakachotse, kamotoka kangayambenso kugwedera. Nakasiya, koma tsitsilo nasunga mu Baibulo.

Amalume, asisi, munene: niwafunsenso atate akewo pano, kapena nipite nikathokoze nekha “ba Phiri” amene anakonza?